Chaka Chimene a ku Ndaonazino Anagoneka Munda

Mu Ufumu wa Zilibwino, kumene munthu ukamufunsa kuti wadzuka bwanji amayamba wayang'ana uku ndi uku asanayankhe, munali ntchito ina imene simungaipeze kwina kulikonse. Inali ya Mkulu Wosunga Mapu a Mavoti. Mwini wake anali bambo Yotamu Chidzanja, munthu wamfupi, wadazi, woyenda ndi mapensulo atatu m'thumba la malaya ngakhale popita kumaliro.

Mapuwo anali aakulu ngati mphasa ziwiri, ndipo anapachikidwa kuseri kwa mpando wa Mfumu Chikhalire Wachitatu. Ufumuwo unali ndi maboma khumi ndi atatu. Zaka zisanu zilizonse anthu ankaponya voti, ndipo chipani chimene chatenga maboma ambiri ndicho chinkapereka Nduna Yaikulu yoti iziyendetsa dziko Mfumu ikamapuma, ndipo kupumako inali ntchito imene Mfumu inkaigwira mokhulupirika. Zipani zinalipo ziwiri, cha Ambulera ndi cha Wilibala. A Yotamu ankalosera zotsatira chisankho chisanachitike, ndipo chikatha ankakwera pa makwerero n'kujambula ambulera kapena wilibala pa boma lililonse.

Tisanamizane, kulosera kwawo sikunkafuna nzeru zambiri, ngakhale a Yotamu ankakuchita atakwinya nkhope kuti kuoneke kolemera. A boma la Wakwathu ankavotera aliyense amene mchombo wake unagwera kumeneko, kaya akhale mbava yodziwika ndi agalu omwe. A ku Sitiiwala ankakana Ambulera chifukwa zaka makumi anayi zapitazo galimoto la nduna ina ya chipanicho linagunda mbuzi pamlatho, mwini galimoto osatsika n'komwe kuti apepese. Amene anaiona mbuziyo anatha kufa onse, koma zidzukulu zawo zinkavotabe misozi ili m'maso. A ku Tsatagulu ankafika pamzere dzuwa litapendeka, kuti ayambe amva kumene anzawo alowera. A ku Chitenje ankavala nsalu ya Ambulera, kuvinira Ambulera, kudya mpunga wa Ambulera, n'kukachonga pa Wilibala mtima uli m'malo.

Boma limene a Yotamu ankalidziwa koposa linali la kwawo, la Ndaonazino. Pa zisankho zinayi zapitazo linavota chonchi: Ambulera, Wilibala, Ambulera, Wilibala, ndipo nthawi zonse boma lonse linkagwera mbali imodzi ngati anthu apangana. Aliyense akanaona chotsatira. N'chifukwa chake chisankho chili pafupi, a Yotamu anadziguguda pachifuwa pabwalo la Mfumu.

"Mwini dziko, ku Ndaonazino ndi Ambulera. Ndikalakwa pa boma la kwathu, mundimete mpala."

Anthu anaseka, poti pamutu pa a Yotamu panalibe choti lumo n'kugwira.

M'mawa wa tsiku lolengeza zotsatira, bwalo linadzaza mpaka m'mawindo. Maboma khumi ndi awiri anabwera monga momwe a Yotamu analoserera: asanu ndi limodzi Ambulera, asanu ndi limodzi Wilibala. Mtsogoleri wa Ambulera, bwana Lonjezani, anali atavala kale suti yolumbirira. Mnzawo wa Wilibala, bwana Tikalowa, nawonso anali atavala yawo, ndipo anthu ankanong'onezana kuti telala wake anali mmodzi. A Yotamu anali pamwamba pa makwerero, pensulo ili m'manja, atayamba kale kujambula mpini wa ambulera pa boma la kwawo.

Apa m'pamene analowa mayi amene ankayang'anira chisankho ku Ndaonazino, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anagwada, natambasula pepala, nawerenga osadzutsa mutu.

"Olembetsa, 41,206. Oponya voti, 41,190. Khumi ndi asanu ndi mmodzi otsalawo ali m'chipatala, ndipo atumiza mawu opepesa. Chipani cha Ambulera, voti imodzi. Chipani cha Wilibala, voti imodzi."

"Pitirizani, mayi," anatero bwana Lonjezani, akumwetulira ngati munthu amene akudikira ndiwo zenizeni.

"Mavoti awiriwo ndi a eni ake opikisanawo, bwana. Akazi awo sanawavotere. Mapepala ena onse, 41,188, ndi oyera. Sanachonge paliponse. Anangowapinda bwinobwino n'kuponya m'bokosi."

M'bwalo munabuka phokoso. Bwana Lonjezani anati pepala loyera n'lawo, chifukwa munthu akakhala chete ndiye kuti wakhutira ndi amene akulamula. Bwana Tikalowa anati n'lawo, chifukwa munthu akakhala chete ndiye kuti wakwiya. Nduna ya Zachilungamo inafunsa ngati sizingatheke kuunika mapepalawo padzuwa, mwina anthuwo anachonga ndi mtima. A Yotamu anali akadali pa makwerero paja.

Mfumu inagogoda pansi ndi ndodo yake. Inali munthu wosakonda kudzutsidwa, ndipo tsiku limenelo inadzutsidwa.

"Boma lopanda chizindikiro si boma," inatero. "Chidzanja, ndakupatsa masiku atatu. Ukanditengere ambulera kapena wilibala kwa abale akowo. Ukabwera chimanjamanja, udzafufuta Ndaonazino pamapu apa ndi dzanja lako. Theka lidzapita ku Wakwathu, theka ku Sitiiwala. Msika wawo udzatsekedwa, ndipo dzinalo silidzamvekanso."

A Yotamu anatsika pa makwerero. Mzere wogawa bomalo anauona kale m'mutu, poti mapu anali ntchito yawo. Unkadutsa pakati pa mudzi wa kwawo, nyumba kugwera ku Wakwathu, manda a makolo awo kugwera ku Sitiiwala. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu akanasanduka wopanda kwawo, ndipo wofufuta akanakhala iye mwini. Anachita mantha, ndipo pansi pa manthawo panali chisoni chimene sanachiyembekeze, poti kumudziko anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri osapondako.

Galimoto la boma linalibe mafuta, onse anathera pa misonkhano yokopa anthu, choncho Mkulu Wosunga Mapu anakwera minibasi, atapanikizidwa pakati pa thumba la makala ndi mayi wonyamula abakha. Anafika pamsika wa Ndaonazino tsiku lotsatira dzuwa lili paliwombo. Ankayembekeza kupeza anthu ali ndwii, kapena atathawira kumapiri. Anapeza msika uli yakaliyakali, wogulitsa aliyense chala chili bii ndi inki ya chisankho.

Mlongo wawo wamkulu, a Nangozo, anali pabenchi lawo la masiku onse, akuunjika tomato milumilu. Anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Achimwene, mwabwera ndi nkhope ya maliro chonchi, wamwalira ndani?"

"Boma, achemwali. Boma lathu likufa mawa."

"Khalani pansi kaye. Boma silifa munthu ali chiimire."

A Yotamu anakhala pa chitini chozondotsa, napukuta thukuta. "Achemwali, mundiuze zoona. Zolembera kunalibe?"

"Zinalipo, zatsopanotsopano. Tinazisiya pamalo pake."

"Anakuopsezani?"

"Atiopseze ndani? Ife?"

"Nanga mwatichititsiranji manyazi chotere? Chaka chino chinali cha Ambulera. Ndinalumbira pamaso pa Mfumu."

A Nangozo anaika tomato womaliza pamwamba pa mulu, nawayang'ana mlongo wawo ngati wafunsa kuti mvula imachokera kuti. "Cha Ambulera bwanji? Werengani bwino, achimwene. Chino n'chachisanu. N'chaka chogoneka munda."

Pafupi pomwepo panali a Gwaza, mkulu wokhoma zidebe ndi mbaula, amene khutu lawo silinkaphonya nkhani ngakhale nyundo ili kulira. Anasiya chidebe, nasendera ndi mpando wawo.

"Alangizi, mwaiwala?" anatero a Gwaza. Dzina limenelo a Yotamu anali asanalimve kwa zaka zambiri. Asanapite kunyumba yachifumu, anali mlangizi wa zaulimi m'boma lomwelo, woyenda panjinga yakapalasa mudzi ndi mudzi. "Munatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango uko, zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo, ndi chithunzi chanu chija. Munati mbewu imodzi ikakhalitsa m'munda, nthaka imaguga ndipo kaufiti amamera. Munatiimbitsa ngati ana a sukulu: chimanga, mtedza, chimanga, mtedza, chachisanu munda ugone. Tinayesa m'minda, zinatheka. Ndiye tinati nzeru yabwino chonchi ingathere pa chimanga chokha?"

"Ine ndinkanena za munda, a Gwaza. Munda weniweni, wa mizere."

"Ifenso tikunena za womwewo," anatero a Nangozo. "Phungu ulendo woyamba amakupatsa moni ndi manja awiri. Ukamubwezeranso kachiwiri, amayamba kutseka mawindo a galimoto akamadutsa pamsika pano. Ameneyo si kaufiti? Ndiye tinkasintha. Uku Ambulera, uku Wilibala."

"Nanga bwanji osangopitiriza kusinthako?"

A Gwaza anaseka, naloza kumtsinje ndi nyundo. "Pobwera mwawoloka bwanji?"

"Ndinavula nsapato."

"Eya. A Ambulera anabwera ndi gulu la oimba, anaika mwala wa maziko a mlatho. Atalowa a Wilibala anati mwala umenewo unaikidwa mokhota, anaika wawo. Atabwerera a Ambulera anaika wina wokulirapo. A Wilibala anaikanso wina wa zilembo zagolide. Miyala inayi, alangizi, yosalala bwino. Amayi amachapirapo, sitikudandaula. Koma mbewu zonse ziwiri zikamabereka miyala, mlimi amadziwa kuti vuto lafika m'nthaka. Tatopa. Tati tigone kaye."

A Yotamu anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Ndiye mukanangokhala kunyumba. Munavutikiranji kuima pamzere tsiku lonse kuti mukaponye pepala lopanda kanthu?"

"Achimwene, kunyumba yachifumu kwakuphani nzeru," anatero a Nangozo. "Munda wogoneka umathawidwa? Mwini wake amapitako ndithu, kukayendera malire, kuti anansi aone kuti uli ndi mwini. Tikanakhala kunyumba, wina akanatichongera. Ku Wakwathu chaka chino avota ndi anthu amene tinawaika m'manda tikuona."

Pofika apa anthu anali atazungulira benchi lija: ogulitsa usipa, akabaza, amayi a zitumbuwa. A Yotamu anaimirira nafotokoza lamulo la Mfumu lonse, osabisa kanthu. Ananena za msika wotsekedwa, za dzina lofafanizidwa, za mzere wodutsa pakati pa mudzi. Kuseka kunatha. Mayi wina anakhazika pansi lichero lake.

"Ndiye kuti amayi akagona ku Sitiiwala?" anafunsa a Nangozo, mawu atatsika.

"Ndi abambo omwe," anayankha a Yotamu. "Pokalambula manda tizikayamba tapepesa za mbuzi."

Palibe anaseka. A Yotamu anaona kuti mpata ndi umenewu, nagwada pafumbi, suti ndi mapensulo omwe.

"Abale anga, sindikupempha kuti muvotenso. Mungondinong'oneza. Wina angotsinzinira diso limodzi, ndidziwa kuti ndi Ambulera. Akatsokomola, ndi Wilibala. Ndikajambula kakang'ono kwambiri, pakona, koti Mfumu yokha ndiyo ione."

Msika wonse unayang'ana pansi. Panali mkulu wina wa chifuwa chosatha amene ankatsokomola chaka chonse, koma tsiku limenelo anadzigwira pakamwa mpaka misozi kutuluka.

A Nangozo anawadzutsa mlongo wawo, nawasansa fumbi m'mawondo. Maso awo anali ofiira, koma mawu sanagwedezeke. "Zikundiwawa, achimwene, musaganize kuti sizikundiwawa. Koma bodza lokha ayi. Tanamizidwa zaka makumi awiri, ndiye tiyambe kudzinamiza tokha? Pitani mukaiuze Mfumu zimene munatiuza ife pansi pa mango paja. Munkalankhula bwino nthawi imene ija, musanayambe kulosera. Ikakana, fufutani. Dzanja ndi lanu, koma mlandu si wanu."

Anawapatsira tomato m'kajumbo, wofewa uja wosagulika, kuti asabwerere chimanjamanja.

Tsiku lachitatu bwalo linadzaza kuposa poyamba, poti anthu a ku Zilibwino amakonda kuonerera mnzawo akugwa, makamaka akamagwa kuchokera pa makwerero. Pa tebulo panali pataikidwa chofufutira chatsopano, chachikulu ngati njerwa. Mabwana awiri aja anali m'masuti omwe aja, atayamba kununkha thukuta.

"Chidzanja, wanditengera chiyani?" inafunsa Mfumu. "Ambulera kapena wilibala?"

"Mwini dziko, ndabwera ndi phunziro la zaulimi."

A Yotamu anayamba mwamantha. Koma atangotchula kaufiti, mlangizi wakale uja anadzuka mwa iwo. Anaiwala Mfumu, anaiwala chofufutira. Anafotokoza za nthaka yoguga, za mtedza umene umabwezera chonde, za miyala inayi ya kumtsinje, za anthu zikwi makumi anayi amene anaima padzuwa tsiku lonse kuti akayendere malire a munda wawo. Anajambula mizere m'malere ndi pensulo. Analankhula ola lathunthu, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri ananena zimene ankazikhulupirira.

"Kumeneku n'kuukira," anatero bwana Lonjezani.

"Kwa nthawi yoyamba ndikugwirizana ndi mnzangayu," anatero bwana Tikalowa.

Mfumu sinawayang'ane n'komwe. Inali itatsamira kutsogolo, maso ali gwa, tulo tonse titabalalika. Akuluakulu a pabwalo anati anali asanaionepo ili maso chotero chilowereni ufumu.

"Tandiuza bwino, Chidzanja. Munda ukagona, mbewu zonse ziwiri zimachokamo?"

"Zimachokamo, mwini dziko."

"Aganyu, olima, opalira, onse amapita kwawo?"

"Onse."

"Amatsala ndani?"

A Yotamu anazengereza, poti anayamba kuona kumene njirayo ikulowera, koma panalibe pokhotera. "Amatsala mwini munda."

Mfumu inamwetulira mpaka mano a m'mbali kuonekera. Inaimirira yokha popanda woigwira mkono, nigogoda ndodo katatu.

"Lembani. Boma la Ndaonazino silifufutidwa. Kuyambira lero lizitchedwa Boma Lachitsanzo, ndipo tidzaliikira mwala wokumbukira nzeru zake. Chachiwiri, nzeru yotere singathere boma limodzi. Ufumu wonse wa Zilibwino watopa, ndipo ugona zaka zisanu. Kulibe Nduna Yaikulu, kulibe aphungu, kulibe chisankho. Nyumba ya malamulo tisungiramo fodya. Mwini munda ndilipo, ndiziyendera malire ndekha."

Oyamba kuomba m'manja anali bwana Lonjezani. Bwana Tikalowa anaomba mokweza kuposa apo, nafunsa ngati mwini munda sangafune munthu womunyamulira ndodo poyendera malirewo. Nduna ya Zachilungamo inati lamulolo linali m'malamulo a dziko kuyambira kale, kungoti linali lisanalembedwe.

A Yotamu anakwezedwa pomwepo kukhala Mkulu Woyang'anira Kugona kwa Dziko, ndipo ntchito yawo yoyamba inali kukwera pa makwerero ndi chofufutira chija. Anafufuta ambulera wa ku Wakwathu, wilibala ya ku Sitiiwala, mpaka maboma onse khumi ndi awiri anayera ngati la kwawo. Ndaonazino inatsala pamalo pake, dzina lake lili lonse, mudzi ndi manda zili mbali imodzi. Anapulumutsa kwawo ndithu. Koma dzanja linkalemera pa chizindikiro chilichonse, poti ngakhale a mbuzi aja, ngakhale a ku Tsatagulu ofika mochedwa, voti inali yawo, ndipo chimene chinawalanda votiyo chinali phunziro la a Yotamu lomwe. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, ndipo sanadziwe kuti akawauza chiyani a Nangozo.

Ali pamwamba pomwepo, Mfumu inawaitana mokondwa, ikukhalanso pampando.

"Chidzanja, phunziro lako sunalimalize. Zaka zogonazo zikatha, abale akowo amatani nawo mundawo?"

A Yotamu anayang'ana pansi. Anaona nduna zonenepa, mabwana awiri a masuti, ndi Mfumu itatambalala pakati pawo. Kumawindo kunali anthu wamba, ogulitsa makala, amayi obereka ana, alonda a pachipata, onse ana a alimi. Mantha aja anawachokera.

"Amabwera m'mamawa ndi zikwanje, mwini dziko," anatero mwaulemu. "Amayang'ana chilichonse chimene chanenepa ndi kutalika pamene iwo kunalibe. Amadula, amaunjika pamodzi, n'kutentha. Phulusa lake ndiye chonde."

Kumawindo kuja anthu anangoyang'anana, wina n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene akusunga tsiku mumtima.

"Ulimi ndi wokoma," inatero Mfumu, n'kuyamba kuomba m'manja, nduna zonse n'kutsatira. M'bwalo lonselo, kuyambira pampando wachifumu mpaka pa nduna yotsiriza, munalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo khasu.